Simenti pa Malo a Eni

A Veronika ndi msuweni wanga, mwana wa amalume, ndiye mwa chikhalidwe chathu ndi akazi anga. Ndakhala ndikuwakumbutsa zimenezi kuyambira tili ana ku Milepa, iwo nkumandiyankha kuti mwamuna wa miyendo ya udzudzu sangasunge banja. Lero miyendo yomweyo ndi imene ikundidyetsa, poti ndimapalasa kabaza pa Njuli. Ndine Albert. Sukulu ndinalekera Sitandade 4, aphunzitsi atalephera kundimvetsa. Ndati ndilembe za msuweni wangayu chifukwa anthu amawanena zambiri, koma ambiri mwa onenawo anaona mathero okha. Ine ndinaona ndi chiyambi chomwe, ndipo katundu wa nkhaniyi anadutsa pa kaliyala wa njinga yanga.

Kwawo anabadwa asanu, akazi okhaokha, pa kamunda koti ukaima pakati ukhoza kulavulira malire onse anayi. Kuno ku Chiradzulu malo ndi a akazi. Mwamuna ukakwatira umanyamula kamphasa kako nkukakhala kwa mkazi, ndiwe mkamwini, ndipo munda umachoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi. Ndiye ana aakazi asanu pa kamunda kotero ndi ndewu yongodikira tsiku lake. Mu 1994, chaka chimene zipani zinali mbwee, kunabwera Gladson, mnyamata woswa miyala m'mbali mwa msewu wa pa Njuli. Anapempha chitengwa, ndiko kuti mkazi ndiye apite kwa mwamuna. Azichemwali awo a Veronika anavomera msanga kuposa mwini wake. Mkwatibwi asanafike n'komwe pa Njuli, mizere yake m'munda anali atagawana kale.

Gladson anali munthu wa manja ngati makasu, wosayankhulayankhula. Anamanga kanyumba ka zidina, denga la udzu, pa malo a malemu amayi ake. Amene anamulozera pomanga ndi mchemwali wake wamkulu, a Easter, chifukwa amayi awo atamwalira malo onse anatsala m'manja mwa iwowo. M'kanyumba kameneko munabadwa ana awiri, onse aakazi.

Tsono mtengwa ali ndi malamulo ake, ofanana ndi a ife akamwini, ndipo palibe amene amakuwerengera. Dzala chimanga, dzala nandolo, dzala kalongonda, zinthu zoti ukolola chaka chomwecho. Mtengo usadzale. Njerwa usaotche. Chilichonse chokhalitsa chimayankhula, ndipo chimene chimanena ndi chakuti "pano sindichoka." Ine kwa akazi anga enieni ndakhalako zaka zambirimbiri, koma nthochi imene ndinayesa kudzala inazulidwa ndi mbuzi ya miyendo iwiri. A Veronika malamulo amenewa anawasunga bwino kuposa khumi aja a kutchalitchi.

Kenako Gladson anayamba kutsokomola. Tinkati ndi fumbi la miyala. Tonse tinkadziwa kuti si fumbi, koma fumbi ndi limene linkatchulika. Anawonda mpaka lamba anasowa pomanga. Mkazi wake anamusambitsa, kumutembenuza, kumumwetsa phala ndi supuni mpaka tsiku limene tinamunyamula mu 2000.

Mwambo wake ndi wakuti mwamuna akamwalira, pakapita nthawi abale ake amamusudzula mkazi. Amamuitana, kumuthokoza, kumuuza kuti tsopano ndi mfulu, nkumuperekeza kwawo. Koma kwawo kwa a Veronika kunalibe poponda phazi. Akasudzulidwa, ndiye kuti iwo ndi ana awiri aja alibe pogona pa dziko lonse lapansi. Miyezi inapita, abale a Gladson osawaitana. Nkhani inangogona ngati galu wa pakhonde, aliyense nkumaidumpha mosamala. Ine ndinkati ndi chifundo.

A Veronika anakhala choncho, mwakachetechete. Akafika pachitsime nkhani zinkatha. Pa maliro, chikho chimene amwera madzi chinkatsukidwa kawiri. Nawonso anali atayamba kuchepa thupi. Ine ndekha ndi amene ndinkaima pakhomo pawo nkuliza belu.

"Akazi anga, ndabwera kudzalowa chokolo!"

"Pitani uko, amuna anga osauka inu. Mungandidyetse chiyani, masipoko?"

Akandiyankha choncho ndinkadziwa kuti tsiku limenelo adzuka bwino.

Mu Juni 2001, chiperoni chitakuta phiri, minibasi inatsitsa mtsikana wa chikwama chachikulu ndi nsapato zosadziwa fumbi lathu. Dzina lake Phoebe, wa ku Rumphi. Anali wophunzira pa koleji ina ya zachitukuko. Kumeneko akatsala pang'ono kumaliza amawatumiza kumidzi miyezi ingapo kuti akagwire ntchito ndi manja, aphunzitsi nkudzaona chimene achita. Iyeyu anamutuma kuti akasonkhanitse amayi ovutika, awathandize kupeza kabizinesi. Ine ndinamupatsa dzina loti a Chitukuko, ndipo linakakamira.

"Achimwene," anatero ali pa kaliyala tsiku loyamba, "kuno amayi ovutikitsitsa ndi ati?"

"Akazi anga," ndinatero. "Anakwatiwa ndi ine."

"Ndikufunsa zenizeni."

"Inenso ndikunena zenizeni, kawafunseni."

Ndisamunamizire mwana wa eni, anali wolimbikira. Sanakhale mu ofesi kudikira anthu. Anayenda khomo ndi khomo mpaka nsapato zija zinaphunzira. Atafika kwa a Veronika anapempha madzi, nkumwera m'chikho chomwe iwo ankamwera, osachiyang'ana kawiri. Msuweni wanga anamuyang'ana mtsikanayo ngati waona mvula mu Ogasiti. Posakhalitsa Phoebe anali ndi amayi asanu ndi mmodzi: amasiye anayi, wina wothawidwa ndi mwamuna, wina wolumala mwendo. Gulu analitcha Tadzuka. Anagwirizana zophika masikono, ndipo bungwe lina la m'tauni linalonjeza simenti, chitseko chachitsulo cha uvuni, ndi fulawa woyambira.

Tsiku losankha pomanga uvuni ine ndinali pomwepo, nditatsamira njinga kudikira pasinjala wanga. Phoebe anati pakhomo pa a Veronika ndi pabwino: msewu uli pafupi, chitsime chili pafupi, komanso iwowo ndi amene alibiretu pogwira. Amayi ena aja anayamba kuyang'ana zala zawo za kumapazi. Wina anatsokomola. Onse ankadikira kuti mwini khomo akane mwaulemu.

"Mumange pano," anatero a Veronika.

Phoebe anali mwana woleredwa bwino, ndiye anati tikapemphe kaye kwa eni malo. Ndinamutengera kwa a Easter. Tinawapeza pa mphasa akusenda nandolo. Mtsikana anagwada, kupereka moni wa manja awiri, kufunsa za ana ndi za kumunda. Zonse zinali bwino mpaka anafunsa kuti:

"Amayi, kodi abambo oyang'anira malo ano ndingawapeze kuti?"

A Easter anasiya kusenda. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Abambo? Oyang'anira malo ano?"

"Eya, amayi. Achimwene ake a malemu."

"Ooh. Pitani kwa a Lackson, tsidya la mtsinje." Atatero anabwerera ku nandolo wawo.

Tili m'njira ndinati, "A Chitukuko, mwini malo mwamusiya pa mphasa paja."

Anaseka. Ndiye vuto la munthu wozolowereka nthabwala limeneli, ngakhale ukuwe kuti njoka anthu amayamba aseka kaye. Anandifotokozera kuti kwawo mwamuna amapereka ng'ombe, mkazi nkukhala wa pamudzi wa mwamuna mpaka kumanda, ndipo mwamuna akamwalira wolamula ndi mchimwene wake. Anati za chikamwini anaphunzira m'kalasi, koma poti a Veronika anachita kutengedwa kupita kwa mwamuna, ndiye kuti pamenepa zili ngati kwawo. Ndinafuna kutsutsa, koma tinali pa chitunda, mpweya unali wa miyendo.

A Lackson ndi mkulu wofatsa, mkamwini wa zaka zambiri, amene katundu wake yense kwa akazi awo ndi wailesi ndi jekete. Chibadwire palibe anabwerapo kudzawapempha chilolezo cha chinthu chilichonse. Atamva kuti mlendo wophunzira wabwera kwa iwo, analowa m'nyumba nkukavala jekete lija.

"Chitukuko sitikana, mayi," anatero akukonza kolala. "Mangani. Mangani ndithu, chachikulu."

Anapereka malo ngati munthu wopatsa mlendo nkhuku ya neba.

Simenti ndinanyamula ndine, thumba limodzi ulendo umodzi, tayala lakumbuyo likulira. Nditatsitsa lomaliza ndinawapeza a Veronika okha akusesa pamalo pomangapo.

"Akazi anga, mukuchidziwa chimene ndanyamulachi?"

"Simenti. Kapena inu mumayesa ufa?"

"A Easter mwawauza?"

"Ali ndi maso."

"Nanga mwana wa eniyu bwanji simukumuuza mmene zimakhalira kuno?"

Anaimika tsache. "Asuweni, zaka zonsezi ndakhala ndikudzala zokolola chaka chomwecho. Ana angawa alibe ngakhale papaya woti aloze kuti uyu ndi wa amayi. Ndikamuuza mtsikanayu, uvuni upita kwina, ine nditsala mmene ndinalili, kudikira tsiku limene andiitane. Koma ukamangidwa pano, mwina achita manyazi kugwetsa chinthu chimene chabwera pa galimoto."

"Nanga akapanda kuchita manyazi?"

"Ndiye mudzanditenga inu, si paja mumati ndine mkazi wanu?" Anaseka, koma maso sanaseke nawo.

Amayi anaumba njerwa, kuziotcha, kutunga madzi, mmisiri nkumanga. Unatuluka uvuni wokongola ngati katchalitchi, uli ndi kadenga kake ka malata. Simenti ya kutsogolo isanaume, Phoebe anatenga kamtengo nkulembapo dzina la gulu, pansi pake nkuwonjezera kuti Wapampando Veronika.

Masikono ake, anthu inu! Ofewa mkati, pamwamba pofiirira ngati tsaya la mwana. M'mawa ndinkamangirira dengu pa kaliyala, pofika pa Njuli oswa miyala ndi makondakitala anali atandizinga kale. Anthu omwe ankatsuka chikho kawiri aja ankanyambita zala. Ndinkawafunsa kuti, "Kodi mwatsuka sikonoyo?" iwo nkunditukwana pakamwa pali todzaza. Mayi wolumala mwendo uja anagula nsapato, imodzi yake nkumangoisunga. A Veronika masaya anabwerera. Ana awo anayamba kupita kusukulu atamwa tiyi. Tsiku lina ndinawamva a Veronika akuimba pokanda fulawa, ndinachita kuima kuti ndione ngati ndi iwowo.

A Easter sanagulepo sikono ngakhale imodzi. Akapatsidwa yaulere ankathokoza nkupatsa mdzukulu.

Kumapeto kwa Ogasiti kunabwera galimoto ya aphunzitsi a Phoebe kudzaona ntchito. Amayi anavala zitenje zofanana, anaimba, anavina, fumbi koboo. Bambo wina wa tayi anaimirira nkuyankhula motalika, masikono awiri ali kale m'mimba. Pomaliza anati, "Tikuthokoza kwambiri mayi Veronika chifukwa chopereka malo awo." Anthu anawomba m'manja. Ine ndinayang'ana kumpanda. A Easter anali ataima pamenepo, manja atapinda pachifuwa.

Galimoto itapita, anthu atabalalika, anabwera pa uvuni nkundikodola.

"A Albert, inu munapitako kusukulu. Apa palembedwa chiyani?"

"Aa, amayi, sukulu yanga inathera pa kuimba ndi kusesa."

"Werengani."

Ndinawerenga. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Manda a mchimwene wanga alibe simenti," anatero. "Dzina lake lili pa kathabwa, chiswe chikudya. Koma la mkazi wake lalembedwa pa simenti, pa nthaka ya amayi anga."

Sabata isanathe a Lackson anawoloka mtsinje atavala jekete lomwe lija. Ulendo uno anachita kutumidwa, ndipo mawu ankawayankhulira pansi ngati akuuza nyerere. Anati banja lakhala pansi, laona kuti nthawi yakwana. Mvula isanagwe alamu asudzulidwa.

Phoebe atamva anandipeza pa siteji, maso ali psuu. "Achimwene, nditengereni kwa a Easter."

Tinawapeza pa mphasa yomwe ija.

"Lero mwabwera kwa ine?" anatero. "Abambo aja simunawapeze?"

Mtsikana anagwada. "Ndinalakwa, amayi. Ndinayenera kupempha kwa inu. Koma chonde musalange a Veronika chifukwa cha ine. Mayi wamasiye ali ndi ufulu wokhala pamene anakhala ndi mwamuna wake."

A Easter sanakweze mawu. "Ufulu ndimaumva pa wailesi, mwana wanga. Tamverani wanga. Mwana wanga Sophie ndi woyembekezera. Iye ndi mwamuna wake akugona kukhitchini kwanga, poti pomanga palibe. Mng'ono wake akubwera pambuyo. Malo awa amayi anga anawalandira kwa amayi awo, ndipo adzapita kwa ana anga aakazi. Ana a Gladson ndimawakonda, ndi magazi anga, koma mbumba yawo ili ku Milepa. Lero ndi uvuni. Mawa ana amenewo adzati pano ndi pathu, dzina la amayi athu ndi ili. Ufulu wa Sophie amaunena pa wailesi iti?"

"Nanga chaka chonsechi munawasiyiranji, ngati malo mumawafuna?"

A Easter anayang'ana kumbali. "Mukufuna ndinene? Tinkaona mmene thupi lawo linalili. Tinati munthu wodwala sathamangitsidwa, amalizire m'nyumba mwake, ana tidzawaperekeze kwawo bwinobwino. Ndiye mwabwera inu ndi simenti yanu. Munthu amene ali paulendo samanga ndi simenti."

Chimene ndinkachitcha chifundo chija chinali kudikira maliro.

Phoebe analira, anapepesa, anagwira mwendo. Potsiriza a Easter anapereka njira ziwiri. Uvuni ugwe, a Veronika akhale monga ankakhalira, ndipo sadzasudzulidwa mpaka ana akule. Apo ayi uvuni ukhale, gulu lizigwiritsa ntchito, koma a Veronika apite. Amayi ena aja a Easter sankawaopa, poti ndi ana a m'mudzi momwemo, aliyense ali ndi pake.

Nditakawauza a Veronika ndinayesa kubisa mbali ya kudikira ija. Anandidula.

"Musavutike, asuweni, ndinkadziwa. Mumayesa ndi chifukwa chiyani m'mawa uliwonse a Easter ankandifunsa kuti ndadzuka bwanji akundiyang'ana m'khosi?"

Amayi a gulu anabwera onse asanu kudzawaona. Anayamba ndi pemphero. Kenako mmodzi anati uvuniwu si wa munthu mmodzi. Wina anati ku Milepa ndi kwanu, magazi sakanana. Wolumala mwendo uja anangoyang'ana nsapato yake. Palibe anatchula mawu oti pitani, koma ndi amene anatsala pa mphasa iwo atanyamuka.

A Veronika anati ndiwaperekeze ku Milepa akaone okha. Azichemwali awo anatilandira ndi nthungululu, natiphera nkhuku. Ukapheredwa nkhuku kwanu, dziwa kuti ndiwe mlendo. Titadya anatuluka kukayang'ana pamene panali mizere yawo. Panali nyumba ziwiri, khola la nkhumba ndi chimbudzi. Mchemwali wamkulu anawatsatira nkuwagwira paphewa.

"Zikavuta ubwere, ukhoza kugona kukhitchini masiku angapo."

"Ndi ana awiri?"

"Ana tikhoza kugawana."

Pobwerera ndinayesa nthabwala zanga zonse, ngakhale ija ya abusa ndi mbuzi imene siinalepherepo. Kumbuyo ndinkangomva kulemera kwa munthu.

Phoebe anathamanga m'maofesi. Kwina anamuuza kuti ndi nkhani ya m'banja. Kubungwe kuja anati simenti anapereka kale, tsopano akuthandiza boma lina. Anafunsa mmisiri ngati uvuni ungasamutsidwe, mmisiri anati chitseko chokha. Nthawi yake inatha nkhani ili pomwepo, ndipo koleji inamuitana. Ndinamunyamula ndi chikwama chake chija kupita kumsewu.

"Aphunzitsi akuti ntchito yanga yaposa ya onse m'kalasi," anatero tili m'njira.

"Ndiye mukulira chiyani?"

"Ndinabwera kudzawathandiza, achimwene."

"Musalire, a Chitukuko, misozi imalemeretsa njinga."

Sanaseke. Pokwera minibasi anandigwira dzanja nkunena kuti ndiwauze a Veronika asagwetse, iye akayesa kwina. Uthengawo ndinaupereka. A Veronika anati, "Mlendo ndi mame. Anali mwana wabwino."

Mitambo itayamba kusonkhana kumapeto kwa Okutobala, ndinafika m'mawa ndi dengu langa monga mwa masiku onse. Masikono anali atapsa kale, ataunjikidwa pa nsalu. A Veronika anali ataphika okha, osadikira anzawo. Phulusa anali atawola, uvuni atauthira madzi. Analowa m'nyumba nkutuluka ndi nyundo ya Gladson, ija ankaswera miyala.

"Asuweni, masulani chitseko ichi."

"Akazi anga, taganizani kaye."

"Ndaganiza. Kukhitchini kwa eni ndingagone ine. Koma ana anga sagawidwa ngati ana a galu. Masulani."

Ndinamasula ndi sipanala ya njinga. Nyundo ija inali yolemera, poikweza anachita kudzandira. Anayambira pamene panali dzina lawo. Simenti inali yabwino, sinagonje msanga. Phokoso linaitana anthu. Amayi a gulu anafika akuthamanga, wina fulawa ali m'manja. Mmodzi anakhala pansi nkuyamba kulira ngati pa maliro. Wina anakuwa kuti, "Mfiti iwe! Watiphera ana chifukwa cha kanyumba ka udzu!" A Veronika sanacheuke. Ndinati ndiwalandire nyundo, anandikankha ndi chigongono. Anamenya mpaka denga la uvuni linagwera mkati, fumbi lakuda nkuwakuta nkhope.

A Easter anaonerera zonse ali pakhonde pawo. Zitatha analowa m'nyumba, natuluka ndi madzi m'chikho chawo chomwera iwo eni, nawapatsa alamu awo. A Veronika anamwa onse, nabweza chikho ndi manja awiri. Masikono a tsiku limenelo ndinakagulitsa, ndipo anthu anati anali okoma kuposa masiku onse.

Miyezi yotsatira ndi ija ya njala ya 2002, imene anthu anadya mizu ndi gaga. Ngakhale uvuni ukanakhalapo, kaya ndani akanagula sikono chaka chimenecho. Koma munthu wanjala safuna kumva zimenezo. Mmodzi wa amayi aja anataya mwana, ndipo mpaka lero akakumana ndi a Veronika panjira amapatukira kutchire. Gulu la Tadzuka linagona osadzukanso. Ophunzira ena anabwera zaka zotsatira, ena ndi mbuzi, ena ndi makina osokera, ndipo aliyense ndimayamba ndamutengera pa mphasa ya a Easter ake a mudzi umene akupita. Koma a Veronika salowanso gulu, ndipo palibe gulu limawaitana.

Iwo sanafe. Mankhwala atafika kuchipatala anayamba kulandira, ndipo lero ndi onenepa kuposa ine. A Easter mawu awo anasunga, sanawasudzule. Sophie anamanga chakumunsi, pa theka la munda umene a Veronika ankalima, ndipo njerwa za uvuni zimene zinatsala zamphumphu zili m'maziko a nyumba yake. Chitseko chachitsulo chija chilipo. A Veronika amavundikira nacho mphika pophika zigumu, makala pamwamba. Ndimakawagulitsira pa Njuli osawalipiritsa, poti mwamuna salipiritsa mkazi wake.

Koma pangano linali lakuti mpaka ana akule, ndipo ana samva kuti dikirani. Wamkulu uja chaka chino watalika kuposa amayi ake. Anthu akamati, "Ee, koma mwanayu wakula!" mayi wina aliyense akanasekerera. A Veronika amayankha msanga kuti, "Ayi, ndi msinkhu chabe, akadali mwana," maso ali kunjira yochokera tsidya la mtsinje, kumene kumachokera jekete.

Mwezi wathawu ndinafika kudzatenga zigumu, ndinawapeza kuseri kwa nyumba ataweramira pa dzala. Panali patamera kamtengo ka mango, kochokera ku njere imene ana anataya. Kanali kokongola, masamba ofiirira, katatsala pang'ono kufika m'bondo.

"Kasiyeni, akazi anga," ndinatero. "Tidzakhala pamthunzi pake tikadzakalamba, ine ndi inu, mukundipatsa mango ine ndilibe mano."

"Inu mano mulibe kale," anatero.

Anakayang'ana kanthawi. Kenako anayang'ana kukhonde kwa a Easter, anakagwira m'tsinde ndi manja awiri, nkukazula.